Mapiritsi a masabata 12, mowa wa tsiku ndi tsiku

Komboni ya George, yoyandikana ndi Matero ndi Lilanda mumzinda wa Lusaka, inatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene anali ndi ntchito youmba njerwa pamalopo Zambia isanalandire ufulu mu 1964. Antchito ake ndiwo anayamba kuzika nsanamira pamenepo. Ufulu utabwera anthu anakhamukira mumzinda kudzafuna ganyu, tinyumba tinachulukana, ndipo pofika zaka za m'ma 1970 boma linavomera kuti George sachokanso, nkuyamba kulambula misewu ndi kuika mipopi mothandizidwa ndi World Bank.

Anthu a pa George amawadziwa bwino matenda obwera ndi phokoso. Kolera inagwedeza makomboni a Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndipo itabweranso kumapeto kwa 2023 boma linachita kusandutsa bwalo la mpira la Heroes kukhala chipatala. Kolera ikalowa m'nyumba m'mawa, pofika madzulo aneba onse amva. Koma alipo matenda ena amene amalowa osagogoda, nakhala zaka 20 munthu akupita ku Soweto Market kukaoda tomato, akukwatira, akulera ana, osamva ngakhale kamutu. Ena mwa matenda otere ndi hepatitis C, kutupa kwa chiwindi koyamba ndi kachilombo koyenda m'magazi.

Chiwindi chili kudzanja lamanja, pansi pa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimasefa magazi ochokera m'matumbo, chimapanga ndulu, chimasunga shuga, chimathandiza magazi kuundana munthu akadzitema, ndipo ndicho chimaphwanya mowa ndi mankhwala ambiri amene timamwa. Sichidandaula msanga. Bungwe la WHO limati mwa anthu 100 otenga kachilomboka, pafupifupi 30 thupi lawo limakachotsa lokha m'miyezi 6. Mwa 70 otsalawo kamakhazikika. Chaka ndi chaka kamasiya zipsera m'chiwindi, ndipo mwa odwala otere, 15 mpaka 30 pa 100 alionse chiwindi chimafika pouma gwa m'zaka 20. Pamenepo ndi pomwe zizindikiro zimatulukira: maso achikasu, mimba yodzaza madzi, miyendo yotupa, nthawi zina kusanza magazi. Achibale akaona mimba ya bambo ikukula pomwe manja akuwonda, ena amayamba kuganizira za mnansi amene anakangana naye pa malire a puloti.

Kachilomboka sikayenda m'mbale ya nsima, m'kapu ya madzi, popatsana moni kapena ndi udzudzu. Kamafuna magazi a wina akumane ndi magazi ako: singano ya jakisoni yogwiritsidwa kawiri, lezala limodzi lotemera mphini banja lonse, zida zodindira zithunzi pakhungu, magazi osayezedwa. Kamathanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, kapena kudzera m'kugonana, koma osati kawirikawiri ngati HIV. Amene ali pangozi kwambiri ndi obaya mankhwala ozunguza bongo m'mitsempha, chifukwa singano imodzi imazungulira anthu angapo. Bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limayeza magazi onse operekedwa kufufuza HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko, ndipo pali anthu amene amamva koyamba dzina la matendawa atangopita kukapereka magazi ali ndi thanzi lawo. Katemera wake palibe. Katemera amene ana a mu Zambia akhala akulandira kusikelo kuyambira mu 2005 ndi wa hepatitis B, komwe ndi kachilombo kena.

Wodwala wopanda mnzake

Mu Zambia hepatitis C ndi wosowa. Kafukufuku wa dziko lonse wa ZAMPHIA wa mu 2016 anapeza hepatitis B mwa akuluakulu 5.6 pa 100 alionse, ndipo amene amadzaza mabedi a odwala chiwindi ku chipatala chachikulu cha UTH ndi B ameneyu, mowa, ndi likodzo la m'matumbo. Chaka chomwecho Gilles Wandeler ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyeza anthu olandira ma ARV mu Lusaka ndi ku Mozambique: ngakhale ochepa amene chipangizo choyamba chinawalozera, atayezedwanso mozama sanapezeke ndi kachilombo ka C kamoyo m'magazi. Pa dziko lonse lapansi WHO inawerengera kuti mu 2022 anthu pafupifupi 50 miliyoni anali nako ndipo pafupifupi 242,000 anafa nako, koma ambiri a iwo ali kumaiko ngati Pakistan, India ndi China.

Nkhani ya kusowa kwa kachilomboka mu Zambia ndi yabwino kwa dziko, koma kwa munthu mmodzi wa pa George amene wapezeka nako ndi yowawa. Wa HIV akatuluka m'chipinda cha anamwino amapeza mzere wa anzake pabenchi, mlangizi womudikira, ndi gulu lokumana mwezi ndi mwezi. Wa TB ali ndi kona yake pa kiliniki. Wa hepatitis C amatumizidwa ku chipatala chachikulu ngati UTH kuti akayezedwe kachiwiri ndi kukaonana ndi dokotala wa chiwindi, ndipo akatsika basi pobwerera alibe munthu wodziwa ngakhale katchulidwe ka matenda ake. Akauza mkazi wake kuti ali ndi kachilombo m'magazi, mkaziyo amamva dzina limodzi lokha. Akati si ka HIV, amaoneka ngati akubisa.

Pomwepo ali ndi malangizo awiri m'manja. Loyamba ndi losavuta: mwani mapiritsi tsiku lililonse kwa masabata 12. Lachiwiri anamwino amalinena akutseka faelo: ndipo musiye mowa.

Za mapiritsiwo nkhani yake ndi yosangalatsa. M'zaka za m'ma 1970 Harvey Alter wa ku America anaonetsa kuti anthu ena oikidwa magazi amadwala chiwindi popanda kachilombo ka A kapena ka B. Michael Houghton ndi anzake anakagwira kachilomboko mu 1989, Charles Rice anatsimikiza kuti ndiko kamayambitsa matendawa pakokha, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Mankhwala akale anali ozunza: jakisoni wa interferon sabata iliyonse pamodzi ndi mapiritsi a ribavirin kwa masabata 24 mpaka 48, thupi likuphwanya ngati malungo, mtima uli wokhumudwa, ndipo ochira anali pafupifupi theka basi. Mu Disembala 2013 ku America kunavomerezedwa sofosbuvir wa kampani ya Gilead. Piritsi limodzi linali madola 1,000, masabata 12 madola 84,000. Dziko linakuwa. Mu 2014 Gilead inalola makampani a ku India kupanga mankhwalawa motchipa kuti agulitsidwe kumaiko osauka, ndipo patangopita zaka zochepa dziko la Rwanda linali kugula mankhwala ochizira munthu mmodzi pa madola 60. Egypt, komwe kachilomboka kanafalikira ndi majakisoni a likodzo obayidwa ndi singano zosaphikidwa bwino, inayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni m'miyezi 7 kuyambira mu 2018. Lero mankhwala ngati sofosbuvir wophatikiza ndi daclatasvir amachiza anthu oposa 95 pa 100. Amachiza ndithu, osati kungogonetsa kachilombo monga amachitira ma ARV.

Langizo lachiwiri lija ndilo lili ndi ntchito.

Chimene mowa umachita, ndi chimene suchita

Mu 1997 dokotala wa ku France Thierry Poynard anafalitsa kafukufuku wa odwala hepatitis C oposa 2,000, wofuna kudziwa chifukwa chake ena chiwindi chimauma msanga pomwe ena amakalamba nacho. Anapeza zinthu zitatu: kukhala mwamuna, kutenga kachilombo utapitirira zaka 40, ndi kumwa mowa wokwana magalamu 50 a ukali wake kapena kuposa patsiku. Magalamu 50 si ambiri monga amamvekera. Ndi mabotolo aang'ono a Mosi anayi kapena asanu, amene mwamuna wa pa George sangawatchule nkomwe kuti wamwa. Anganene kuti anangodutsirapo. Kachilombo ndi mowa zimagunda malo amodzi, ndipo zikakumana zipsera zimakula mofulumira, khansa ya chiwindi nayo imayandikira. Kwa munthu wa chiwindi chodwala, madokotala sanapeze mlingo wa mowa umene angautchule kuti ndi wosavulaza.

Kuchokera pa zoona zimenezi panabadwa lamulo loipa. M'masiku a interferon, ndiponso m'zaka zoyamba za mapiritsi okwera mtengo aja, madera ambiri a ku America ankakana kulipirira mankhwala munthu womwa mowa mpaka atakhala miyezi ingapo, nthawi zambiri 6, osalawa. Ankati chidakwa chidzangowononga mankhwala. Zotsatira zake aliyense akanazilosera: amene chiwindi chawo chinali pangozi yaikulu ndiwo anatsala kunja kwa mpanda, ndipo ena anaphunzira kunama. Mu 2023 kunatuluka kafukufuku wa asilikali opuma a ku America pafupifupi 69,000 amene analandira mapiritsi atsopanowa. Osamwa, omwa pang'ono ndi omwa kwambiri anachira mofanana. Malangizo a akatswiri a chiwindi masiku ano amati munthu asamanidwe mankhwala chifukwa cha mowa.

Ndiye mfundo ziwiri ziyenera kuyenda limodzi, ngakhale zimamveka ngati zikukangana. Mowa suletsa mapiritsi kupha kachilombo. Koma mapiritsi sateteza chiwindi ku mowa. Munthu akhoza kuchira hepatitis C bwinobwino, nkudzafa patapita zaka zisanu ndi chiwindi chouma, kachilombo kalibemo.

Palinso chikhulupiriro china chimene ofufuza anachipeza pakati pa omwa ma ARV kumaiko angapo a mu Africa: choti piritsi likakumana ndi mowa m'mimba limasanduka poizoni. Munthu wokhulupirira zimenezi, Lachisanu likafika, amasankha chimodzi, ndipo chimene chimasiyidwa pawindo ndi piritsi. Amaganiza kuti akudzisamala. Pa mankhwala a masabata 12, kudumpha Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu sabata iliyonse ndi kutaya pafupifupi theka la mankhwala. Uphungu woona ndi wakuti usamwe mowa. Koma ngati wamwa, piritsi imwabe. Anamwino ambiri amavutika kunena chiganizo chachiwiricho, poopa kuti chimveka ngati chilolezo. Mnzako amene anadutsamo amachinena mosavuta.

Kusiya mowa pa George si kungodutsa pa bala osayang'ana. Mowa uli m'njira zonse za moyo. Pali Chibuku cha m'mapaketi chimene ena amachiyesa chakudya, pali kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba, pali mashabini osadziwa ola lotsekera. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali totsika mtengo tija tolowa m'thumba la malaya a mwana wasukulu, tinaletsedwa mu 2012 pamene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono, koma ukali womwewo unabwerera m'timabotolo timene anyamata amati junta. Pa maliro amuna amachezera panja pamoto usiku wonse, ndipo botolo limayenda. Ganyu wa kukumba chimbudzi kapena kusenza simenti amamveka pa bala, ndipo amene sakhalapo samumva. Mnzako akakugulira umabweza. Ukakana amafunsa kuti wakulakwira chiyani. Ukati uli pa mankhwala, onse amayang'anana, ndipo mawa nkhani yafika kwa apongozi. Nkosavutanso kuiwala kuti mayi wotcheza kachasu uja akulipirira ana sukulu ndi ndalama yomweyo, ndipo iye sangakhale woyamba kuuza kasitomala wake kuti achepetse.

Nchifukwa chake ku kiliniki anthu amati amangolawa. Michael Vinikoor ndi anzake, pogwira ntchito ndi anthu a mu Lusaka okhala ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B, anayesa kachipangizo koviika mumkodzo kamene kamaonetsa ngati munthu wamwa mowa m'masiku awiri kapena atatu apitawo. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2018 zinaonetsa kuti zonena za pakamwa zimachepetsa: analipo amene anati sanamwe koma mkodzo unawatsutsa. Kuwatcha abodza nkufulumira. Munthu amene akuopa kukalipiridwa pamaso pa anthu, kapena kubwezedwa wopanda mankhwala, amayankha chimene wofunsayo akufuna kumva. Amayi ndiye amabisa koposa, pakuti mwamuna woledzera amasekedwa koma mkazi woledzera amanyozedwa mpaka kwawo.

Luso limene Lusaka ali nalo kale

Wodwala hepatitis C wa pa George mwina sadzapeza mnzake wa matenda omwewo, koma mzinda wake uli ndi zaka zoposa 30 za luso lothandizana pa matenda obisika. Mu 1989 wansembe wa chiJezuiti Michael T. Kelly anayambitsa bungwe la uphungu la Kara Counselling. Mu 1990 Winstone Zulu anakhala munthu woyamba mu Zambia kuima poyera nkunena kuti ali ndi HIV, pa nthawi imene kutero kunali ngati kudziika m'manda uli moyo. Anakhala zaka zina 21, akumenyeranso nkhondo odwala TB, mpaka anamwalira mu 2011. Mu 1996 kunabadwa NZP+, bungwe la anthu okhala ndi HIV. Ma ARV aulere atafika m'makiliniki a m'makomboni mu 2004, anamwino anali ochepa kwambiri, ndipo ntchito yolangiza, yowerenga mapiritsi ndi yolondola amene asowa inagwera odwala anzawo amene anadzuka pamphasa.

Ku Tete, mu 2008, a Médecins Sans Frontières ndi azaumoyo a boma la Mozambique anayesa njira ina: odwala asanu ndi mmodzi oyandikana nyumba amapanga kagulu, mwezi uliwonse mmodzi nkupita kukatengera onse mankhwala. Kamayenda ngati chilimba, lero zako mawa zanga, ndipo wina akayamba kufooka anzake amaona msanga kuposa dokotala aliyense. Zambia nayo inatengera timagulu totere.

Za mowa penipeni, umboni uli pakhomo. Akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins, motsogozedwa ndi Laura Murray, anabweretsa mu Lusaka njira ya uphungu yotchedwa CETA, yophunzitsidwa kwa anthu wamba osapita ku koleji ya udokotala. Mlangizi amakumana ndi munthu ola limodzi pa sabata, maulendo 6 mpaka 12, nkumafufuza naye chimene chimamukokera ku botolo: ndi anzake ati, ola liti, maganizo otani, chisoni chiti chosalirika. Pa kafukufuku wa mabanja 248 a m'makomboni atatu a Lusaka, wochitika pamodzi ndi bungwe la SHARPZ ndipo wofalitsidwa mu 2020, amuna olandira uphunguwu anachepetsa mowa ndipo nkhanza kwa akazi awo zinatsika. Kenaka Jeremy Kane, Vinikoor ndi a bungwe la CIDRZ anaiyesa pa anthu 160 olandira ma ARV ku Matero ndi ku Kanyama amene ankamwa mopitirira komanso anali ndi mavuto ena a m'maganizo. Onse anacheza kamodzi mwachidule ndi mlangizi. Theka anapitiriza ndi CETA. Patatha miyezi 6 magulu onse awiri anali atachepetsa, koma a CETA anachepetsa kwambiri. Alangiziwo anali anthu wamba, a mtundu womwewo wa amene amakhala pa mabenchi a makiliniki athu.

Kunja, zimenezi zinayesedwa pa hepatitis C mwachindunji. Ku London, kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anatsata anthu ovuta kuwapeza, ambiri osowa pokhala kapena ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Amene anapatsidwa mnzawo wowaperekeza, wodziwa moyo wa mumsewu, anapitiriza kuonana ndi madokotala kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi amene anangopatsidwa kalata yopita nayo kuchipatala.

Kodi mnzakoyo amachita chiyani chimene dokotala sangathe? Choyamba, amafunsa funso lina. Dokotala amafunsa ngati umamwa. Mnzako amadziwa kale, ndiye amati, "Mudala, Lachisanu lino mulandira, tipanga bwanji?" Amadziwa kuti ngozi ili pakati pa malo olandirira ndalama ndi pakhomo, ndiye amagwirizana kuti ya unga ndi ya lendi itumizidwe pafoni kwa amayi a kunyumba munthu asanatsike basi. Amathandiza kupeza yankho lopereka pa bala losautsa mafunso, kaya lakuti adokotala aletsa chifukwa cha BP, kaya lakuti mimba yavuta. Pa maliro amakhala pambali pako ndi botolo la maheu kapena munkoyo, kuti dzanja lisakhale lopanda kanthu ndipo wokana asakhale mmodzi. Ukagwa Loweruka, Lamlungu m'mawa amabwera uli ndi matsire, osati kudzalalikira, koma kudzafunsa ngati piritsi la dzulo linamwedwa, ndi kuti chinachitika nchiyani. Ndipo kwa amene sangathe kusiyiratu lero, amawerenga naye mabotolo: kuchoka pa asanu ndi atatu kufika pa atatu si mapeto a ulendo, koma chiwindi chimamva kusiyana kwake.

Mnzako wotere sayenera kukhala ndi hepatitis C. Akhoza kukhala womwa ma ARV kwa zaka 15, kapena wa hepatitis B, kapena bambo amene komboni yonse ikukumbukira akugona m'ngalande ndipo lero ali ndi kantemba kake. Mipingo nayo ili ndi malo ake, makamaka ya Adventist ndi ya chipentekoste imene imakana mowa kotheratu, ndipo munthu wolowa kumeneko amapeza anzake atsopano ocheza nawo madzulo. Vuto limabwera pomwe kugwa kamodzi kumasanduka tchimo lobisa, kapena pomwe wina auzidwa kuti wachira ndi pemphero ataye mapiritsi. Gulu la Alcoholics Anonymous, loyambika mu 1935 ku Akron m'dziko la America pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi Bob Smith, zinapeza kuti kucheza kwawo kumaziletsa kumwa, linaima pa maziko omwewo a kuuzana zoona pakati pa anthu ofanana.

Pomwe mnzako ayenera kuima

Chikondi chopanda chidziwitso chikhoza kupha. Munthu amene wakhala akumwa kachasu kapena junta tsiku lililonse kwa zaka sayenera kusiya mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Patangopita maola ochepa manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa khunyu, ena amaona zinthu zoti palibe, ndipo ena amafa. Achibale akaona zotere amathamangira kwa sing'anga kapena kwa abusa, poyesa mizimu. Kumeneko nkufunika chipatala, komwe kuli mankhwala otsitsa thupi pang'onopang'ono, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Chainama. Mnzako wabwino amatengera munthu wotere ku kiliniki asanatsanulire botolo pansi.

Za mankhwala osakanizana nazonso si za pabenchi. Rifampicin wa TB amafooketsa mapiritsi a hepatitis C, moti awiriwa samwedwa nthawi imodzi. Carbamazepine ndi phenytoin a khunyu amachita chimodzimodzi. Efavirenz, ARV wakale uja, amafuna kuti dokotala asinthe mlingo kapena mtundu wa mankhwala, pomwe dolutegravir amene ambiri akumwa tsopano sasokoneza. Ndipo mu Zambia, momwe hepatitis B ndi wochuluka, pali chenjezo limene a bungwe la FDA ku America analengeza mu 2016: mwa munthu wokhala ndi B ndi C pamodzi, kupha C kukhoza kudzutsa B amene anali chigonere. Ayenera kuyezedwa B asanayambe. Ntchito ya mnzako apa ndi yaing'ono koma yofunika: kuonetsetsa kuti tsiku lopita kwa dokotala, mapaketi onse a mankhwala a m'nyumba alowa m'chikwama, kuphatikizapo Panado womwera matsire ndi mabotolo a zitsamba zogula pamsika zoti zimatsuka magazi. Zitsamba zoterezi zimadutsanso m'chiwindi chomwecho.

Pali zina zovuta zimene okonda kutamanda ntchito ya anthu odzipereka sazitchula. Pa George nyumba zili khoma ndi khoma, ndipo mlangizi amene amadziwika kuti ndi wa ku kiliniki akagogoda pakhomo pako, aneba awerenga kale. Chinsinsi chikatuluka kamodzi, anthu khumi amasiya kulankhula. Mnzako amene anasiya mowa akhozanso kugwa, makamaka ngati akusenza mavuto a anthu ambiri popanda womumvera iye. Ndipo munthu sadya kuthokozedwa. Alangizi ambiri a m'makomboni akhala akulipidwa kandalama kochokera kwa opereka thandizo akunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ntchito za mtundu umenewu zinali m'gulu la zoyamba kugwedezeka. Dziko limene lagwirizana ndi cholinga cha WHO chothetsa matenda a chiwindi ofalikira ndi tizilombo pofika 2030 liyenera kuwerengera malipiro a anthu amenewa monga limawerengera mtengo wa mapiritsi.

Piritsi lomaliza likamwedwa, nkhani sinathe. Pamadikiridwa masabata ena 12, kenaka magazi amayezedwa kufufuza kachilombo kenikeniko. Kakasowa, munthu wachira. Kachipangizo kofulumira ka pa chala kadzapitiriza kuonetsa mizere iwiri mwina moyo wonse, chifukwa kamaona chizindikiro chakuti thupi linamenyanapo ndi kachilombo, ndipo wosadziwa zimenezi akhoza kukomoka nazo pachabe akadzayezedwa kwina. Kuchira sikutchinga kutenganso: singano yobwerekana kapena lezala la mphini likhoza kubweretsa kachilombo katsopano.

Nthawi imeneyi ndiyo yoterera kwambiri. Mapiritsi aja ankapereka chifukwa chokanira mowa tsiku lililonse. Tsopano chifukwacho chapita, dokotala wanena kuti zonse zili bwino, ndipo anzake a pa bala ali okonzeka kugula koyamba posangalalira kuti mudala wabwerera. Kwa amene chiwindi chinali chisanaume, zipsera zimatha kuchepa pakapita zaka ngati mowa sunabwerere. Kwa amene chinauma kale, ngozi ya khansa imatsika koma siitha, ndipo amafunika kuunikidwa pamimba ndi makina miyezi 6 iliyonse, chaka ndi chaka, ngakhale akumva bwino. Ulendo wa ku UTH umafuna mabasi awiri ndi tsiku lathunthu lopanda ganyu, ndipo munthu wosamva kupweteka paliponse amauzengereza mosavuta. Apa mnzake uja amalemba tsikulo mufoni yake, amayamba kukumbutsa kutatsala sabata, ndipo ngati ya basi yavuta amakaitchula ku kagulu kawo ka chilimba mwezi usanathe.